Makala Oumba a Zitsononkho: Mgolo ndi Chikombole kwa Alimi a ku Vubwi, Katete ndi Sinda



Chimanga chikapukusidwa n'kulowa m'matumba, pabwalo pamatsala mulu wa zitsononkho. Pomwe asendera nshawa pamatsala makoko, ndipo kumunda wa thonje kumatsala mitengo ija alangizi amatikumbutsa chaka ndi chaka kuti tizule n'kutentha, kuopa kuti mbozi zingagonere m'munda. Zambiri mwa izi zimapsera kudzala, pomwe mayi wa pakhomo pomwepo akukwera phiri kukatola nkhuni kapena akugula kachitini ka makala pamsika. Kapepala kano kakukudziwitsani zida ziwiri zosandutsa zinyalalazi kukhala makala oumba ophikira pambaula. Choyamba ndi mgolo wachitsulo wowotcheramo, chachiwiri ndi chikombole chopanikizira. Wowotcherera zitsulo wa pa Vubwi, pa Katete kapena pa Sinda angathe kupanga zonse ziwiri ndi zitsulo zakale.

Kodi luso limeneli lili ndi mwini?

Ena amafunsa ngati sitidzapalamula mlandu potengera makina a eni. Funsoli ndi labwino, chifukwa luso la kuumba makala linakhaladi ndi eni ake. Munthu akatulukira njira yatsopano, boma limatha kumupatsa chikalata chotchedwa patenti, choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. M'chaka cha 1897, Ellsworth Zwoyer wa ku Pennsylvania m'dziko la America analandira patenti ya makala oumba. Kenako katswiri wina wa pa yunivesite ya Oregon, Orin Stafford, anakonza njira yopangira makala kuchokera ku utuchi ndi tizidutswa ta matabwa. Njira imeneyo ndiyo inathandiza Henry Ford, mwini fakitale ya magalimoto, m'zaka za m'ma 1920. Magalimoto a nthawi imeneyo ankalowa matabwa ambiri, ndipo zotsala zinkaunjikana pamalo ake ochekera matabwa ku Michigan. Ford sanafune kuzitaya. Anaziwotcha, n'kuzipera, n'kuziphatikiza ndi sitachi, n'kuyamba kugulitsa makala. Kampaniyo ilipo mpaka lero, dzina lake Kingsford.

Koma patenti siikhala mpaka kalekale. M'maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia, imatha pakapita zaka 20, ndipo kuchoka apo lusolo limakhala la aliyense. Za Zwoyer ndi Stafford zinatha kale agogo athu akadali ana. Mgolo womwe tikufotokoza panowu unatchuka ndi Amy Smith ndi ophunzira ake a D-Lab pa yunivesite ya MIT ku America, omwe anayamba kuuyesa ku Haiti ndi zotsala za nzimbe, ndipo iwo anaufalitsa poyera kuti aliyense atengere. Choncho pangani mopanda mantha.

Malasha a m'migodi nawonso amatha kuumbidwa.  Kwathu kuno bungwe la National Council for Scientific Research ku Lusaka, mothandizidwa ndi dziko la Japan, linayesapo kuumba fumbi la malasha a ku Maamba kuti anthu aziphikira. Koma Maamba ali kutali, ku Sinazongwe m'chigawo cha kumwera, ndipo mgodi wa Moatize uli kutsidya la malire ku Tete, m'dziko la Mozambique. Mgodi wa mlimi wa ku Vubwi ndi mulu wa zitsononkho uli kuseri kwa nkhokwe.

Kukonza mgolo

Pezani mgolo wachitsulo wa malita 200. Musatenge womwe munali mankhwala a thonje kapena a fodya. Ngati munali petulo, dizilo kapena oyilo, utsukeni bwino ndipo muudzaze madzi musanayambe kuudula, chifukwa mpweya wa mafuta wotsalira mkati umaphulika ukakumana ndi moto wa chowotcherera. Pamwamba dulani bowo lalikulu lothirirapo zinyalala, n'kupeza chitsulo chafulati choti chizitseka bowolo bwinobwino. Pansi boolani mabowo angapo oti zala zitatu n'kulowa. Basi, mgolo watha.

Kuwotcha

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ambiri olephera amalepherera pomwepa. Makala ndi chomera chomwe chapsa mpweya uli wochepa. Kutentha kumathamangitsa madzi, phula ndi utsi, n'kusiya chakuda chija chomwe chimayaka mopanda utsi. Mpweya ukachuluka mupeza phulusa lokhalokha, ukachepa msanga mupeza zitsononkho zongowauka kunja, mkati zili zaziwisi.

Zinyalala zikhale zouma gwa. Khazikani mgolo pa njerwa kapena mafuwa atatu kuti mpweya uzilowera pansi, pamalo opanda udzu, kutali ndi denga la nyumba ndi nkhokwe. Imikani mtengo waukulu ngati mkono pakati pa mgolo, thirani zitsononkho mozungulira mpaka kudzaza, kenaka sololani mtengowo kuti pakati patsale njira ya utsi. Tsekerani udzu wouma m'mabowo a pansi, muyatse.

Tsopano yang'anani utsi, chifukwa ndi umene ukuuzeni zochita. Poyamba umatuluka woyera, wambiri, wolemera: amenewo ndi madzi akuchoka. Pakapita mphindi zingapo umasanduka wachikasu, wonunkha phula. Utsi umenewu umayaka, ndiye ponyani kamuuni pakamwa pa mgolo kuti uyake m'malo motsamwitsa anansi. Lawi likayamba kuchepa ndipo utsi wapyapyala, vundikirani chitsulo chija, chotsani njerwa mosamala mothandizana ndi mnzanu wogwiriziza mgolo ndi mtengo, mgolowo ukhale pansi. Kwirirani dothi kapena mchenga kuzungulira pansi ndi m'mbali mwa chivundikiro mpaka pasapezeke potulukira utsi. Kuyambira poyatsa kufika potseka, kawirikawiri sipadutsa theka la ola.

Musafulumire kutsegula. Dikirani maola awiri kapena kuposerapo mpaka mgolo uzizire woti n'kuugwira ndi dzanja. Makala otentha akakumana ndi mpweya amayakanso, ndipo ntchito ya m'mawa wonse imasanduka phulusa mukuona. Chitsononkho chopsa bwino chimathyoka mosavuta ndipo n'chakuda mpaka pakati. Zomwe zatsala zofiirira zisungeni, zikalowe mumgolo wotsatira.

Makoko a nshawa amavutako. Ndi ang'onoang'ono, amathinana, ndipo moto umazima pakati. Asakanizeni ndi zitsononkho, kapena muzithira pang'onopang'ono moto utagwira kale. Mitengo ya thonje ndi ya mpendadzuwa iduleni zidutswa zazifupi. Mapesi tikuti asiyeni kumunda. Nthaka ikuwafuna kuti aziphimba chinyezi, ng'ombe nazo zimadalira omwewo m'chilimwe, ndipo makala ake ndi opepuka, aphulusa lambiri. Wosesa munda wonse chifukwa cha makala adzalipira ndi feteleza.

Tinene zoona pa za kuchuluka kwake. Makilogalamu 4 a zitsononkho zouma amapereka pafupifupi kilogalamu 1 ya makala. Zitsononkho n'zopepuka, motero mgolo umodzi umatulutsa makilogalamu ochepa chabe. Banja lofuna makala ophikira pakhomo mgolo umodzi ukwanira, koma gulu lofuna kugulitsa lipeze migolo itatu kapena inayi, wina ukamazizira wina ukuyaka.

Kusinja ndi phala lomatira

Sinjani makalawo mumtondo wosiyana ndi wa chakudya, kapena muwaike m'thumba n'kumapondaponda, kenaka musefe. Wazani timadzi kuti fumbi lisauluke, ndipo mumange nsalu kukamwa ndi kumphuno. Ngati pafupi nanu pali ogulitsa makala a mitengo, fumbi lotsalira pansi pa matumba awo ndi labwino kwambiri kuphatikizamo.

Fumbi palokha siligwirana, limafuna chomatira. Chabwino koposa ndi ufa wa chinangwa. Phikani phala lamadzimadzi ngati la mwana woyamba kudya, liwire mpaka lichite ulimbo. Ufa wosaphika sumata. Kilogalamu 1 ya ufa imakwana makilogalamu 10 mpaka 15 a fumbi. Komwe chinangwa chili chosowa, ufa wa chimanga chofumbwa kapena wosesedwa pansi kuchigayo umagwira ntchito, ndipo palibe chifukwa chothira ufa woti ana akadadya. Dothi la pachulu nalonso limamata, komanso ndi laulere, koma limachulukitsa phulusa ndi kuchepetsa ukali wa moto. Mukathira dothi, lisapitirire gawo limodzi pa magawo asanu a fumbi.

Sakanizani phala likadali lofunda. Kuti mudziwe ngati zakwana, fumbatani m'manja mwamphamvu. Chikagwirana osadontha madzi, zili bwino. Chikamwazika onjezani phala, chikatuluka m'mipata ya zala onjezani fumbi.

Chikombole

Chosavuta kwambiri ndi paipi yachitsulo ya masentimita 5 m'mimba mwake, yotalika pafupifupi masentimita 10. Pansi pake pamakhala kachitsulo kozungulira kosawotcherera, koti kazitha kukwera ndi kutsika, ndipo pamwamba pamalowa chitsulo china chokhala ndi chogwirira chomenyapo. Dzazani paipi, lowetsani chapamwambacho, menyani ndi nyundo katatu kapena kanayi, kenaka kankhani kachitsulo ka pansi kuti khala lituluke. Mukauza wowotcherera kuti aike kamtengo kachitsulo pakati, khala limatuluka ndi bowo, ndipo lotero limauma msanga n'kuyakanso bwino chifukwa mpweya umadutsa mkati.

Gulu lingathe kuwotcherera mapaipi angapo pamodzi n'kumapanikiza onse nthawi imodzi ndi mkono wautali wachitsulo kapena jeke ya galimoto. Palinso makina okhala ndi sikuluwu yaikulu mkati mwa paipi, opukusa pamanja kapena a mota, omwe amatulutsa khala lalitali lomangodula. Amenewa ndi achangu, koma sikuluwu imadyeka msanga ndi mchenga wa m'fumbi, ndipo a mota amafuna magetsi odalirika. Malangizo athu ndi akuti musathamangire ngongole ya makina a mota musanathe nyengo imodzi ndi chikombole cha nyundo. Makala ambiri oipa sachokera ku chikombole, amachokera ku zinyalala zonyowa ndi phala losapsa, ndipo makina odula sangakonze zimenezo.

Yanikani makala pathandala kapena pamalata, muziwatembenuza. Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limawaumitsa m'masiku atatu kapena asanu. Louma bwino limapepuka, ndipo mukaligwetsa pansi kuchokera m'chiuno silinyenyeka. Sungani m'matumba pamalo okwera, posafika chinyezi, chifukwa akanyowa amachita nkhungu n'kuphwanyika.

Pophika

Makala oumba amachedwa kugwira moto poyerekeza ndi a mitengo, ndiye yatsirani ndi tinkhuni kapena zitsononkho ziwiri zitatu. Akagwira amayaka mofatsa kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake amakomera nyemba, nkhowe ndi madzi osamba. Phulusa lake ndi lochulukirapo, muzigwedeza mbaula kuti mabowo asatsekeke. Pozimitsa musathire madzi, ingowavundikirani ndi mphika wakale kapena mchenga, mawa mudzayatsenso.

Chenjezo ili likhale pamtima: makala alionse, oumba kapena a mitengo, amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha. Mbaula isagone m'nyumba yotseka, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pomwe anthu amafuna kuotha. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru, mutulutseni panja msanga ndipo mupite naye kuchipatala.

Za malamulo ndi malonda

Uvuni wa dothi wa m'tchire umadya makilogalamu 6 mpaka 10 a mitengo kuti utulutse kilogalamu 1 ya makala, ndipo mitengo yomwe imasankhidwa ndi yolimba, monga mitondo ya m'mapiri, yotenga zaka zambiri kuti ikule. N'chifukwa chake lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo powotcha ndi ponyamula makala. Inu simukudula mtengo, komabe musanakweze matumba panjinga kupita ku Chadiza, ku Chipata kapena pamsewu wa Great East, kaonaneni ndi a ofesi ya Forestry pa boma kuti adziwe ntchito yanu ndi kukuuzani zofunika. Dziwitsaninso anyakwawa za malo owotcherapo. Wodutsa nawo malire kupita ku Malawi kapena ku Mozambique akumbukire kuti kumeneko kuli malamulo akeake.

Kwa inu amisiri: mwina pokonza chikombole mudzatulukira njira yomwe sinaonekepo kwina. Lamulo la mapatenti la Zambia la 2016 limakulolani kuilembetsa ku bungwe la boma la PACRA, ndipo ofuna chitetezo m'maiko oyandikana nafe amadzera ku ARIPO, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Malawi ndi Mozambique ndi mamembala ake. Lembetsani musanakaonetse chidacho kuchionetsero cha zaulimi, popeza chomwe chaonekera kale pagulu chimavuta kuchiteteza. Dziwaninso kuti kulembetsa kumafuna ndalama, ndipo patenti imalipiridwa chaka ndi chaka kuti isafe.

Yambani kusunga zitsononkho pamalo ouma kuyambira pokolola, m'malo mozisiya pabwalo kuti chiswe chidye. Miyezi yabwino yowotcha ndi kuumba ndi Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe komanso ntchito ya kumunda isanachuluke. Magulu ofuna kuona ndi maso asanagule mgolo apemphe mlangizi wa zaulimi wa kampu yawo kuti akonze tsiku loyesera pamodzi, ndipo aliyense abwere ndi thumba limodzi la zitsononkho zouma ndi kapu ya ufa wa chinangwa.