Mbewu ya bowa wa shiitake: funsani mtundu wake

Za kumanga nyumba ya bowa ndi kuphika utuchi mukuzidziwa kale, sindibwereza. Chimene chikugwetsa mabanja ambiri ndi mbewu. Munthu amatapa zoyera za m'jumbo lakale la mnzake n'kuthira m'majumbo atsopano, mawa nayenso n'kugawira wina. Ukafunsa kuti ndi mtundu wanji, amangoti bowa ndi bowa. Ayi ndithu, chizolowezi chimenechi chitheretu.

Shiitake kuno samera yekha. Kwawo ndi m'nkhalango za ku China, Japan ndi Korea, komwe amatuluka pa zipika za mitengo yolimba imene yafa. Wakutchireyo si wamtundu umodzi. Akatswiri a ku China atayerekeza chibadwa cha bowa wotoledwa m'mapiri, monga a ku Yunnan ndi Sichuan, ndi wolimidwa, anapeza kuti wakutchire ndi wosiyanasiyana kwambiri, pomwe mitundu yambiri yolimidwa ndi yapachibale, yochokera kwa makolo ochepa. N'chifukwa chake amasunga mitundu yakutchireyo mosamala, kuti azitengako mphamvu zimene wolimidwa alibe.

Kusiyanaku kumaonekera m'nyumba ya bowa momwemo. Mitundu ina imabereka pokhapokha kukazizira pansi pa madigiri 15, ina imapirira ngakhale kutenthe kupitirira madigiri 20. Ina imakonda zipika, ina utuchi. Mbewu imene inachita bwino ku Dedza mu June ikhoza kungokhala duu ku Salima mu October, inu n'kumadzudzula madzi kapena amene anathirira.

Kale alimi a ku Japan ankatema zipika n'kumadikira kuti mphepo ibweretse mbewu, zamwayi basi. Cha m'ma 1943 Kisaku Mori anabweretsa njira yomeretsa mbewu yodziwika pa timitengo tokhomera m'chipika. Anzathu anasiya zolotera kalekale, ife n'kumazibwerera dala!

Jumbo lakale limanyamulanso nkhungu yobiriwira, ndipo mbewu yobwerezabwereza imafooka. Komanso mudzi wonse ukakhala ndi mtundu umodzi, vuto likagwa pakhomo limodzi lagwa ponse.

Gulani mbewu kwa okonza mbewu odziwika. Afunseni dzina la mtunduwo, nyengo imene umabereka ndi tsiku limene anaikonza, mulembe pa jumbo lililonse. Akalephera kuyankha, musagule. Ngati muli pa kalabu, limani mitundu iwiri, koma musaisakanize m'jumbo limodzi.