Nambala yapakati pa thumba la feteleza, ndi mwana wodwala impso

Amene mumalima ku Dowa kapena ku Ntchisi mwaliona thumba la feteleza wokulitsa lolembedwa 23:21:0+4S. Nambala yapakatiyo, 21, imanena za phosphate, chakudya chimene chimalimbitsa mizu ya chimanga. Lero ndikufuna tikambe za phosphate yemweyu, koma osati wa m'munda: wa m'magazi anu.

Ine ndimaphunzitsa Physics, si ine dokotala. Nkhaniyi inandipeza kudzera mwa mtsikana wina wa Fomu 3 amene anayamba kujomba pafupipafupi. Nditamufunsa, anati: "Aphunzitsi, ndimaperekeza mlongo wanga kuchipatala ku Lilongwe. Akuti impso zake sizikugwira bwino." Mnyamatayo anali wa zaka 9, koma msinkhu ngati wa mwana wa zaka 6, miyendo yayamba matewe, thupi lonse zipsera zodzikanda. Loweruka lina ndinakwera phiri kukamuona, nditanyamula botolo la chakumwa cha kola ndi kambale ka usipa. Agogo ake analandira ndi manja awiri. Mtsikana uja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Pepani aphunzitsi, zonse ziwirizi anamuletsa." Manyazi anandigwira. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa a zaumoyo, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi.

Phosphate si mdani

Phosphorus ali pa nambala 15 pa Periodic Table, chizindikiro chake P. Anamutulukira ndi Hennig Brand ku Hamburg m'chaka cha 1669, ndipo musaseke, anamupeza pophitsa mkodzo. Izi zikutiuza kale njira imene thupi limatayira phosphorus wotsala.

M'thupi amapezeka ngati phosphate. Pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ali m'mafupa ndi m'mano, momwe amagwirana ndi calcium. Wina ali mu ATP, ija ya mu Biology yonyamula mphamvu m'maselo, komanso mu DNA. Popanda iye palibe kukula. Vuto limabwera akachuluka.

Ndowa yobooka

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni totchedwa ma nephron. Mwa munthu wamkulu, timasefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 patsiku. Ambiri amabwerera m'magazi, ndipo lita imodzi kapena awiri okha ndi amene amatuluka ngati mkodzo, atanyamula zosafunika, kuphatikizapo phosphate wotsala.

Tengani ndowa yobooka pansi, muzithiramo madzi ndi kapu. Ngati olowa akufanana ndi otuluka, mlingo wa madzi sukusintha. Tsopano tsekani theka la bowolo ndi chala, koma muzithirabe chimodzimodzi. Madzi akwera basi. Ndowayo ndi magazi, kapu ndi chakudya, bowo ndi impso. Matenda a impso okhalitsa amatseka bowolo pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka, ndipo nthawi zambiri silitsegukanso.

Phosphate akachuluka m'magazi, calcium amatsika. Impso zodwala zimalepheranso kukonza vitamini D kuti agwire ntchito, choncho matumbo satenga calcium wokwanira m'chakudya. Kukhosi kuli timinofu tinayi tating'ono totchedwa parathyroid. Tikazindikira kuti calcium wachepa, timatulutsa hormone yolamula mafupa kuti apereke calcium wawo. Zili ngati kugumula njerwa zapansi pa nyumba kuti ukonzere khonde. Mafupa a mwana amafewa, amapindika, amathyoka msanga, ndipo mwanayo sakula. Komanso calcium ndi phosphate akakumana mochuluka amatha kukhazikika m'mitsempha ya magazi n'kuiumitsa, mtima n'kumavutika kupopa. Choopsa n'chakuti zambiri mwa izi zimachitika mwakachetechete. Chimene chimaulula ndi kuyeza magazi.

Njira zitatu zochepetsera madzi m'ndowa

Yoyamba: chepetsani othira. Koma chakudya chonse sichifanana. Phosphate wa m'mbewu monga nyemba, soya, mtedza ndi mgaiwa amakhala womangika, ndipo thupi limangotengako theka kapena kucheperapo. Wa m'nyama, nsomba, mkaka ndi mazira amalowa mosavuta. Wothiridwa kufakitale ndiye amalowa pafupifupi yense: zakumwa za kola zili ndi phosphoric acid, soseji ndi nyama zina za m'mapaketi amazithira phosphate, baking powder wambiri nayenso ali naye. Pa paketi yang'anani mawu aliwonse okhala ndi "phos". Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo paja tati phosphate amakhala m'mafupa. Mwaona pamene ndinalakwitsa? Pa dzira, choyera chija chili ndi phosphate wochepa kwambiri, wambiri ali m'chachikasu. Ufa woyera uli ndi wochepa poyerekeza ndi mgaiwa, chifukwa wambiri amapita ndi madeya pokonola. Kuwiritsa nyama kapena nyemba m'madzi ambiri n'kutaya madziwo kumachotsakonso wina.

Apa pali msampha. Mwana akufunika mapuloteni kuti akule, ndipo zakudya za mapuloteni n'zomwenso zili ndi phosphate. Banja likachita mantha n'kumuletsa ndiwo zonse, amanyentchera. N'chifukwa chake mlingo wa chakudya cha mwana aliyense amaika ndi a chipatala atayeza magazi, osati aneba, osati ine. Mchere ndi potassium nazo zili ndi malamulo ake.

Yachiwiri: gwirani madziwo asanafike m'ndowa. Pali mapiritsi omanga phosphate, ndipo amodzi odziwika ndi a calcium carbonate. Akakumana ndi chakudya m'mimba, calcium amagwira phosphate n'kupanga chinthu chosasungunuka, chomwe sichingalowe m'magazi, ndiye chimatuluka ndi chimbudzi. Ndiye taganizani: piritsi limeneli likamwedwa m'mawa kulibe kanthu m'mimba, nsima n'kudzabwera masana, ligwira chiyani? Liyenera kumwedwa pamodzi ndi chakudya. Ndipo wina asanene kuti miyala ya laimu nayo ndi calcium carbonate, tingopera. Ayi ndithu. Calcium akapitirira mlingo amaumitsanso mitsempha ija.

Yachitatu: boolani bowo lina. Awa ndi makina a dialysis, amene amapezeka m'zipatala zina za boma monga Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Amagwira ntchito ndi diffusion, yomwe tinaphunzira m'kalasi: magazi mbali ina, madzi okonzedwa mbali ina, pakati kachikopa kopyapyala, ndipo zinthu zimachoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa. Koma phosphate wambiri sali m'magazi, ali m'maselo ndi m'mafupa, ndipo amatuluka mochedwa. Makina akazima, amayambanso kukwera. Choncho ngakhale wodwala wa dialysis samasiya njira ziwiri zoyamba zija.

Kuphunzitsa banja

Chimene ndinaona n'chakuti pepala la malangizo analandira ndi mayi ake a mwanayo, koma wophika masana ndi agogo, omwe sawerenga. Ndipo ana onse amadyera mbale imodzi. Malangizo abwino akapanda kufika kwa wogwira mthiko, ndiye kuti sanafike.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi ndowa yakale. Tinachita zoyeserera zija pabwalo, mnyamatayo ndiye anali wotseka bowo. Kenako mlongo wake anatenga pepala la kuchipatala lija, ndipo tinayala zakudya zenizeni pamphasa m'milu itatu: zodya momasuka, zodya moyeza, ndi zopewa. Pomaliza sindinafunse kuti "mwamva?" Munthu waulemu amayankha kuti eya ngakhale sanamve. Ndinati, "Agogo, tandifotokozereni ngati ine ndine mlendo, piritsi ili amwa liti?" Iwo anati, "Mbamu yoyamba ikamalowa, aphunzitsi, nalo lilowe." Mawu amenewo anakhala lamulo la pakhomopo. Mapiritsi anawasamutsa kuchoka kuchipinda n'kuwaika pamwamba, pafupi ndi mbale, pomwe makanda safika. Mnyamatayo anamupatsa kambale kake ka ndiwo, ndipo abale ake anagwirizana zosiya kola onse kuti asamadzione wosalidwa.

Impso zake sizinachire, ndipo ulendo wa ku Lilongwe ukupitirira. Koma tsopano ndi iye amene amakumbutsa agogo ake za piritsi, ndipo mlongo wake anayambanso kubwera m'kalasi.

Mwana akatupa nkhope kapena mapazi, akamakodza magazi kapena mkodzo wa thovu, kapena akasiya kukula, uzani makolo apite naye kuchipatala msanga. Osayamba ndi zitsamba kapena mapiritsi opha ululu ogula pagolosale, chifukwa ena mwa iwo amawonjezera kuwononga impso.

Ntchito yanu sabata ino

1. Pezani mapaketi kapena mabotolo asanu a zakudya pagolosale yakwanuko. Ndi angati ali ndi mawu okhala ndi "phos"?
2. Fotokozani m'mawu anu chifukwa chake phosphate amakweranso dialysis ikatha.
3. Kafotokozereni agogo kapena amalume anu nkhani ya ndowa yobooka, kenako iwo akufotokozereni inuyo. Pamene apunthwe, bwererani pomwepo.