Zithunzi 48 pa Sekondi: Phunziro la Diso ndi Kamera Kuchokera ku Filimu ya The Hobbit

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, phunziro lino ndi la sayansi ya kuwala ndi masamu pang'ono, koma tiyambira m'nyumba ya kanema.

Mu Disembala 2011 kunatuluka kachidutswa koyamba kolengeza filimu ya The Hobbit: An Unexpected Journey. Tizidutswa totere, timene eni ake amatitcha trailer, timakhala ta mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo ntchito yake ndi kukulawitsani pang'ono kuti tsiku la phwando mudzabwere ndi ndalama m'manja. Filimu yeniyeniyo inali itatsala ndi chaka chathunthu kuti ituluke, koma anthu anali atayamba kale kuwerenga miyezi. Wokonza wake, Peter Jackson wa ku New Zealand, ndi yemwe anapanga mafilimu atatu a The Lord of the Rings pakati pa 2001 ndi 2003, ndipo yomaliza mwa itatuyo inapata mphoto 11 za Oscar. Tsopano ankabwerera ku buku la J.R.R. Tolkien la mu 1937, nthano yopeka ya Bilbo Baggins, kamunthu kakafupi kokonda kukhala pakhomo, kamene kananyamuka ndi nkhalamba yamatsenga Gandalf ndi akafula 13 kukalanda phiri lawo kwa chinjoka chotchedwa Smaug.

Panalinso chifukwa china chodikirira. Mu Epulo 2011 Jackson analemba pa Facebook kuti filimuyi akuijambula pa zithunzi 48 pa sekondi iliyonse, m'malo mwa 24 zimene mafilimu akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 80. Ena mwa amene anathamangira kukaona trailer ija ankafuna aone ndi maso awo kusiyana kwake. Sanakuone, ndipo sakanakuona. Kachidutswako kanatuluka pa zithunzi 24. Mapulojekita a m'nyumba za kanema anali asanakonzedwe kuti aonetse 48, ndipo YouTube inadzayamba kulola mavidiyo a zithunzi 48 ndi 60 mu 2014. Chinthu chimene iwo ankadikirira ndicho chimene trailer sikanatha kuonetsa.

Kuti timvetse chimene ankadikiriracho, tiyambe ndi funso losavuta.

Kodi kanema amayendadi?

Ayi. Pa chinsalu cha kanema kapena pa galasi la foni palibe chimene chimayenda. Pamabwera chithunzi choima, n'kuchoka, n'kubwera china chosiyana nacho pang'ono, ndipo ubongo wanu ndiwo umalumikiza. Amene munajambulapo kamunthu pakona ya tsamba lililonse la kope n'kupatula masambawo mwachangu ndi chala mwapangapo kale kanema. Amene munazunguzapo chikuni chamoto usiku n'kuona mkombero wathunthu wofiira mwaona mbali ina ya nkhani yomweyi: diso ndi ubongo zimafuna kanthawi kuti zimalize kuona chinthu, ndipo zimene zachitika mkati mwa kanthawiko zimasakanikirana.

Mfundo imeneyi ndi yakale. Ibn al-Haytham, katswiri wobadwira ku Basra cha m'ma 965 amene anagwira ntchito ku Cairo, analemba m'buku lake la Kitab al-Manazir za nguli yopakidwa mitundu yosiyanasiyana. Ikamazungulira mwamphamvu mitundu ija sioneka payokhapayokha, imaoneka ngati mtundu umodzi. Iye anaona kuti zikutero chifukwa kuzindikira mtundu kumatenga nthawi, ngakhale yochepa motani. Patapita zaka zoposa 800, mu 1878, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mphepete mwa bwalo ku Palo Alto, ku California, n'kujambula hatchi ikuthamanga. Zithunzi zake zinasonyeza chimene diso linkalephera kugwira, chakuti pali kamphindi kamene ziboda zonse zinayi zimakhala m'malere.

Nanga 24 inachokera kuti?

Musaganize kuti madokotala anapima diso n'kupeza kuti limaona zithunzi 24 pa sekondi. Nambalayi inabwera chifukwa cha mawu ndi ndalama. Mafilimu oyambirira analibe mawu, kamera ankaipukusa ndi dzanja, ndipo liwiro linkasinthasintha, nthawi zambiri kuyambira pa 16 kupita m'mwamba. Mawu atalowa, cha m'ma 1927 pamene kunatuluka The Jazz Singer, liwiro linayenera kukhazikika, chifukwa mukalisintha pang'ono mawu a munthu amakwera kapena kutsika. Liwiro lotsika kwambiri linkawononga mawu, lokwera kwambiri linkadya lamba wa filimu, amene anali wodula. Anagwirizana pa 24, zimene pa lamba wa mamilimita 35 zikutanthauza mamita 27 ndi pang'ono pa mphindi iliyonse.

Komabe kuwala kukamayaka ndi kuzima ka 24 pa sekondi, diso limaona kuphethiraphethira. Anathetsa vutoli ndi kachitseko kozungulira mkati mwa pulojekita, kamene kankaonetsa chithunzi chilichonse kawiri kapena katatu. Kuwala kunkathwanima ka 48 kapena ka 72, koma zithunzi zosiyana zinali 24 zomwezo. Siyanitsani bwino zinthu ziwirizi, chifukwa ambiri amazisokoneza.

Wailesi yakanema inatsata njira ina. Inatengera magetsi. Kuno kwathu, monga ku Britain ndi ku South Africa, magetsi ndi a mahetsi 50, choncho kanema wa pa wailesi anakhala wa zithunzi 25, chilichonse chogawidwa pawiri n'kukhala 50. Ku America magetsi ndi a mahetsi 60, ndiye kwawo ndi 30 ndi 60. N'chifukwa chake mpira wa pa wailesi yakanema ndi masewero ojambulidwa mu situdiyo amayenda mosalala kuposa filimu. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna posachedwa.

Chimene chimasintha mukawirikiza

Apa ndi pamene pali masamu. Tiyerekeze kuti munthu akuthamanga mamita 10 pa sekondi, liwiro la akatswiri a mtunda waufupi. Pa zithunzi 24, pakati pa chithunzi china ndi chinzake amakhala atasuntha 10 ÷ 24, pafupifupi masentimita 42. Pa zithunzi 48 amasuntha masentimita 21 okha. Mipata imene ubongo uyenera kudzaza yachepa ndi theka. Ndiye kudumphadumpha kumene kumaoneka kamera ikamatembenuka mwachangu kumachepa.

Chachiwiri ndi chofunika kwambiri. Kamera sijambula chithunzi m'kanthawi kopanda muyeso. Kachitseko kake kamatseguka kwa kanthawi, ndipo chilichonse chimene chasuntha m'kanthawiko chimasiya chizimezime. Mwa chizolowezi, pa zithunzi 24 kachitseko kamakhala kotsegula theka la nthawi ya chithunzi chilichonse, ndiko kuti 1/48 ya sekondi. Wothamanga wathu uja amasuntha masentimita 21 kachitseko kali kotsegula, choncho manja ndi miyendo yake zimaoneka mbuu. Imitsani filimu iliyonse pakati pa ndewu muone: nkhonya sioneka bwinobwino. Chizimezime chimenechi sitichizindikira filimu ikamayenda, koma ndicho chimapatsa filimu maonekedwe ake ofewa.

Jackson anajambula ndi makamera a RED Epic, kachitseko kakutseguka 1/64 ya sekondi. Wothamanga uja pamenepa amasiya chizimezime cha masentimita 16. Akanatsata chizolowezi cha theka zikanakhala 1/96, koma anafuna kuti potulutsa filimu ya 24, imene imapangidwa potaya chithunzi chimodzi pa ziwiri zilizonse, patsale chizimezime chokwanira kuti isaoneke yodukaduka. Anthu amene anaona trailer ija ankaona theka la zithunzi zimene kamera inajambula.

Cholinga chake chachikulu chinali 3D. Mu 3D diso lililonse limalandira chithunzi chakechake, ndipo kudumphadumpha kuja kumatopetsa maso kwambiri. Jackson ankanena kuti 48 imachepetsa kutopako. Mtengo wake mungauwerengere nokha. Filimuyi ndi ya mphindi 169, omwe ndi masekondi 10,140. Pa 24 ndi zithunzi 243,360. Pa 48 ndi 486,720. Muwirikizenso chifukwa cha maso awiri, mupeza 973,440. Paliponse pamene pali cholengedwa chopangidwa pa kompyuta, monga Gollum, makompyuta anayenera kuchiumba pa chithunzi chilichonse mwa zimenezi.

Tsiku limene anthu anaona

Mu Epulo 2012, pa msonkhano wa eni nyumba za kanema wa CinemaCon ku Las Vegas, anaonetsa mphindi pafupifupi 10 pa zithunzi 48. Mapiri ndi zigwa za New Zealand zojambulidwa kuchokera m'mwamba anthu anazitama. Koma pamene panabwera anthu akuyankhulana, ambiri anadandaula kuti zikuoneka ngati sewero la pa wailesi yakanema, kapena ngati vidiyo yojambulidwa kuseri ochita sewero akukonzekera. Mu Julaye chaka chomwecho, pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego, Jackson anasankha kuonetsa zidutswa zake pa 24. Filimu inaonetsedwa koyamba ku Wellington pa 28 Novembala 2012, ndipo itafika m'nyumba za kanema mu Disembala, zochepa zokha ndi zimene zinaionetsa pa 48. Ndalama inapeza zoposa madola biliyoni imodzi, koma ambiri mwa oonerawo anaiona pa 24.

Chinalakwika n'chiyani, poti chithunzi chinali chooneka bwino kuposa kale? Ena amati ndi chizolowezi basi. Kwa zaka zambiri ubongo wathu waphunzira kuti kuyenda kosalala ndi kwa nkhani za pa wailesi, mpira ndi masewero otsika mtengo, pamene kuyenda kofewa kwa 24 ndi kwa filimu yaikulu. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona, ndipo mwina inu amene mwakula mukuona masewera a pa kompyuta a zithunzi 60 simungadabwe monga anadabwira makolo a m'mayiko amenewo.

Koma ine ndikuona kuti odandaulawo sanali ouma mitu chabe. Filimu ya nthano imadalira zinthu zonamizira. Mphuno za akafula aja ndi za labala, ndevu zawo n'zomata, miyala ya m'phanga ndi yopanga n'kupaka utoto. Chizimezime cha 24 chimagwira ntchito yonga ya mdima ndi moto pa nthano ya agogo madzulo: chimabisa zina kuti maganizo anu amalize okha. Mukachichotsa, mumaona bambo wovala ndevu zomata ataima m'chipinda chowala magetsi. Jackson anasankha mtundu wa filimu umene uli ndi zobisa zambiri kuposa ina yonse kuti ayeserepo njira yochotsa pobisala. Pa mpira nkhani ndi ina. Pamenepo palibe chobisa, mukufuna muone ngati mpira wadutsadi mzere, ndiye zithunzi zambiri zimathandiza.

Jackson sanali woyamba kapena womaliza. Oklahoma! ya mu 1955 inajambulidwa pa 30, ndipo Douglas Trumbull anakonza njira ya Showscan ya zithunzi 60, imene inathera m'malo achisangalalo osati m'mafilimu ataliatali. Ang Lee anafika pa 120 ndi Billy Lynn's Long Halftime Walk mu 2016 ndi Gemini Man mu 2019, ndipo onse awiri sanagulitse bwino. James Cameron, mu Avatar: The Way of Water ya mu 2022, anagawa pakati. Mbali zina, makamaka za pansi pa madzi ndi zothamanga, ndi za 48, zina ndi za 24. Pulojekita imayenda pa 48 nthawi yonse, koma m'mbali za 24 chithunzi chilichonse chimangobwerezedwa kawiri, nzeru yofanana ndi ya kachitseko kakale kaja.

Yesani nokha

Pa tchuthi pemphani foni ya achimwene kapena achemwali. Mafoni ambiri amalola kusankha pakati pa 30 ndi 60 pojambula vidiyo. Gadabuzani njinga, pukusani pedulo ndi dzanja, mujambule gudumu panja dzuwa likuwala. Nthawi ina masipoko adzaoneka ngati aima, kapena ngati akubwerera m'mbuyo. Chifukwa chake n'chakuti kamera imangoona gudumu pa timphindi tosiyanasiyana. Ngati pakati pa chithunzi china ndi chinzake sipoko iliyonse yafika ndendende pamene panali inzake, zithunzi zonse zimafanana. Ngati yatsala pang'ono kufika, ubongo umasankha njira yaifupi n'kuganiza kuti gudumu labwerera. Kenaka jambulani mnzanu akugwedeza dzanja, kamodzi pa 30 ndi kamodzi pa 60, muimitse vidiyo pakati muwerenge zala. Muchitenso madzulo m'nyumba. Kuwala kukachepa foni imasiya kachitseko kotsegula nthawi yaitali, ndipo chizimezime chimakula.

Mafunso awiri oti mubwere ndi mayankho ake m'kope. Loyamba: gudumu la ngolo lili ndi masipoko 12 otalikirana mofanana, ndipo likujambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Kodi lizungulire kangati pa sekondi, pa liwiro lotsikitsitsa, kuti lioneke ngati laima? Nanga kamera ikakhala ya 48? Lachiwiri: galimoto ikuyenda makilomita 72 pa ola. Sinthani liwiroli likhale la mamita pa sekondi, kenaka mupeze kutalika kwa chizimezime chake kachitseko kakatseguka 1/48 ya sekondi, ndiponso kakatseguka 1/64.