Makina Ofunira Golide: Katcheredwe Kake ndi Kamveredwe Kake

Masiku ano, pamene mbiri ya golide yawanda kuyambira ku Makanjira m'boma la Mangochi, kudzera m'chigwa cha Lisungwe, kufikira ku Kasungu ndi ku Nkhotakota, ngakhalenso tsidya la malire ku Petauke, ku Rufunsa ndi ku Manica, anthu ambiri, ena a iwo atagulitsa ng'ombe ndi chimanga cha m'nkhokwe, akugula makina aja otchedwa ditekita, amene munthu amayenda nawo m'thengo akuweyula mbale yake pamwamba pa nthaka, nayembekeza kuti adzamlirira pamene pabisala chuma. Makinawo ngabwino ndithu, ndipo ntchito yake inaoneka kale, pakuti m'chaka cha 1980, pafupi ndi Kingower m'dziko la Australia, munthu wina anapeza nawo chibuma cha golide cholemera makilogalamu 27, chimene kufikira lero chimatchedwa Hand of Faith. Koma chotimvetsa chisoni n'chakuti ambiri, akangowatulutsa m'bokosi, amapotoza zotcherera zonse kufikira pamapeto, poyesa kuti makina ofuula ndiwo amphamvu. Ndipo akatha nawo mwezi m'thengo osatola kanthu, amayamba kunena kuti wamalonda anawanyenga, kapena kuti malowo anatsirikidwa. Chifukwa chake talemba kalatayi, kuti inu amene mwataya chuma chanu pa chipangizochi mudziwe kuti makina otcheredwa bwino amakhala odekha ndi a mawu ochepa, ndi kuti golide amamveka m'kati mwa kudekhako.

Chimene makina amamva, ndi chimene samva

Mbale ya kunsi ija, imene amalonda amaitcha koyilo, ili ndi waya wokulungidwa m'kati mwake, ndipo wayayo amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo cha mtundu uliwonse, chitsulocho chimabweza kamphamvu kake, makina nakasandutsa liwu lomveka m'khutu. Dziwani tsono kuti palibe ditekita yodziwa golide yekha. Msomali, kachitsekerero ka botolo, chipolopolo chakale, kachidutswa ka khasu la makolo, zonsezi zimaliza makina, ndipo wamalonda amene akulonjezani chipangizo cha tinyanga choloza golide pa mtunda wa makilomita, mlekeni ndi katundu wake. Chenjeraninso ndi makina achinyengo ovala dzina la ena, pakuti kampani ya Minelab ya ku Australia yakhala ikuchenjeza ogula za makina otere.

Chachiwiri n'cholemera koposa kwa ife a kuno. Golide wambiri amene anthu amampeza m'mitsinje yathu ndi wa fumbi, wotsala pansi pa beseni mchenga ukatsukidwa. Ndipo fumbi lotere, ngakhale litachuluka m'khwawa lonse, makina salimva, popeza kambewu kalikonse kamayankha pakokha, ndipo n'kakang'ono kopitirira. Ditekita imafuna tizibuma, kuyambira tosaposa njere ya mpunga kunka m'tsogolo, ndipo tating'onoto timamveka pokhapokha tili pafupi, masentimita owerengeka kuchokera pa mbale. Musanagule, funsani akulu amene anakumbapo kale m'deralo ngati anatolapo golide wogwirika ndi zala. Paja safunsa anadya phula.

Makinawa alipo makamaka a mitundu iwiri. Oyamba amatchedwa VLF, monga Gold Monster 1000 ya Minelab, imene imagwira ntchito pa 45 kHz, ndi Gold Bug 2 ya Fisher, ya 71 kHz. Nambala ikakwera chotero, makina amamva bwino tigolide tating'ono ta pamwamba, koma amavutikanso msanga ndi nthaka ya chitsulo. Achiwiri amatchedwa PI, monga GPX 5000. Awa ngokwera mtengo ndi olemera paphewa, koma amapirira nthaka yovuta, nafika pansi kuposa anzawo.

Kuchotsa phokoso la mumlengalenga ndi kuika liwu loyambira

Mukafika pamalo, musathamangire kuweyula. Zimitsani foni ya m'thumba, patukani pa mawaya a magetsi ndi pa jenereta, ndipo ngati mnzanu alinso ndi makina, mutalikirane. Kenaka nyamulani mbale m'mwamba, kutali ndi nthaka ndi zitsulo, nimudinize batani lolembedwa Noise Cancel kapena Auto Tune, kuti makina adzisankhire njira yopanda phokoso. Pa GPX ntchitoyi imatha ngati mphindi imodzi, ndipo nthawi yonseyo dzanja lisagwedezeke. Tsiku la ziphaliwali, ngakhale mvula ili kutali kuseri kwa mapiri, makina amabwebweta, ndipo chanzeru n'kubwerera kumudzi.

Mukatero, ikani Threshold, ndilo liwu losalekeza limene makina ambiri a golide amakhala akung'ung'udza. Likwezeni pang'onopang'ono kufikira litangoyamba kumveka, ngati kulira kwa udzudzu uli pataliko, nimulekere pomwepo. Ena amalizimitsiratu chifukwa limawatopetsa, osadziwa kuti golide wakuya kapena wamng'ono salira mokweza, koma amangogwedeza liwulo pang'ono, kulikweza kapena kulidula kamphindi. Ndipo pamene palibe liwu, palibenso chogwedezeka. Likakwezedwanso kwambiri, kagwedezeko kamamira m'kati mwake. Valani mahedifoni, pakuti mphepo ndi kuswaswata kwa udzu zimaba mawu ang'onoang'ono. Gold Monster 1000 inapangidwa yopanda liwuli, kotero mwini wake asadabwe poona makina ake ali chete.

Kuyanjanitsa makina ndi nthaka

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo tikupemphani muwerenge mofatsa. Nthaka imene imasunga golide kawirikawiri imasunganso chitsulo chambiri chosaoneka ndi maso: katondo wofiira, lubwe, ndi mchenga wakuda uja umene umakangamira ku maginito. Kwa makina, nthaka yotere yonse ili chitsulo chimodzi chachikulu, ndipo liwu lake limaposa kutalitali liwu la kagolide kobisala m'menemo. Chotcherera cholembedwa Ground Balance chinaikidwa kuti chiphunzitse makina kuizolowera nthaka ya pamalopo ndi kusaiwerengera, kuti chotsala m'khutu chikhale chokhacho chimene chili chachilendo m'nthakamo.

Kachitidwe kake nkotere. Pezani pamalo poyera, pamene mwatsimikiza kuti palibe chitsulo, nimutsitse mbale kufikira itatsala masentimita awiri kapena atatu kuti ikhudze pansi, kenaka muikweze ngati masentimita 15, n'kuitsitsanso, mobwerezabwereza ndi mosafulumira, mbaleyo ili yogona bwino. Tcherani khutu. Liwu likamakula pamene mbale ikutsika, pa makina ambiri otcherera pamanja ndiye kuti nambala yakwera, ndipo muibweze m'mbuyo pang'ono. Likamazilala potsika n'kukula pokwera, nambala yachepa, ndipo muionjezere. Pitirizani chotero, pang'ono uku pang'ono uko, kufikira mbale ikwera ndi kutsika liwu osasintha konse. Pa makina okhala ndi batani la pachogwirira, monga Quick-Trak ya pa GPX, mumadiniza batanilo mukukweza ndi kutsitsa mbale, nimulisiya makina akakhala bata.

Musayese kuti mwatcherera tsiku lonse. Nthaka imasintha pa mtunda waufupi, kuchoka pa katondo kulowa pa makande, kuchoka pa chitunda kutsikira m'khwawa, ndipo nthaka yomweyo mvula ikagwa imalankhula mosiyana ndi m'chilimwe. Kotero mukangomva makina ayamba kudandaula kumapeto kwa kuweyula kulikonse, imani, muyanjanitsenso. Makina ena ali ndi Tracking, imene imatsata kusintha kwa nthaka yokha mukuyenda, ndipo imathandiza kwambiri pa nthaka yosinthasintha. Komatu ili ndi msampha wake: mukamva kaliwu kofooka n'kumabwereza mbale pamwamba pake kambirimbiri, makina angakayese nthaka, nakafafaniza, inu n'kuchokapo mukuti panalibe kanthu. Chifukwa chake, poyesa kaliwu kokayikitsa, bwezerani pa Fixed, pamene makina satsatanso nthaka okha, mutayanjanitsa makina pambali pake.

Mphamvu yakumva

Sensitivity, imene makina ena amailemba Gain, ndiyo imene imagwetsa ambiri. Mtima wa munthu umati, ndikaikweza ndidzafika pansi. Koma chotchererachi chimakuza zonse pamodzi, liwu la golide, la nthaka ndi la mumlengalenga, ndipo phokoso likachuluka, khutu limatopa, munthu nayamba kudutsa pa mawu enieni osawazindikira. Yambirani pakati, mutayanjanitsa kale makina ndi nthaka. Kwezani sitepe imodzi, muweyule; kwezaninso, muweyule; ndipo pamene makina ayamba kuchita tsetsetse popanda chifukwa, kapena kulira mbale ikagunda kamwala kapena chitsinde cha udzu, bwererani sitepe imodzi kapena ziwiri. Pamenepo ndiye pa mlingo wa nthakayo tsiku limenelo, ndipo ngakhale nambala ioneke yotsika pamaso pa anzanu, musachite nayo manyazi.

Kuti musadalire mawu athu okha, dziyesereni. Tengani kachidutswa ka mtovu kosaposa njere ya mpunga, popeza mtovu umayankha makina mofanana ndi golide wamng'ono, mukamatire pa kapulasitiki kooneka bwino, nimukakwirire masentimita atatu m'nthaka ya pamalo pomwe mukufunapo. Pitirizanipo mbale mphamvu ili pamwamba, kenaka ili pakati, ndipo khutu lanu lomwe lidzakuuzani pamene kaliwuko kakutuluka koyera. Kachidutswako muziyenda nako masiku onse, ndipo m'mawa uliwonse kakhale koyamba kumveka.

Za kukana chitsulo sitichulukitsapo mawu. Discrimination, kapena Iron Reject, imatontholetsa misomali ndi mawaya, ndipo imathandiza pa mabwinja pamene zinyalala zachuluka. Koma kagolide kakang'ono kali m'nthaka ya chitsulo nthawi zambiri kamaoneka kwa makina ngati chitsulo, nakakanidwa pamodzi ndi misomali. Ife tikuti funani pa All Metal, mukumbe liwu lililonse lobwerezeka, ndipo mumangirire maginito kumutu kwa piki kuti azikutolerani tizitsulo m'dothi.

Kayendedwe ndi kakumbidwe

Makina otcheredwa bwino angathe kuonongedwa ndi dzanja lopupuluma. Mbale iyende yogona, yokhudza kapena yotsala pang'ono kukhudza pansi, yosatukuka kumapeto; kuweyula kulikonse kuphimbe theka la kumene kwapita; ndipo mapazi atsate mbale, osati mbale kuthamangira mapazi, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbale yaing'ono imamva bwino tating'ono, nilowa pakati pa miyala ndi zitsamba, pamene yaikulu imafika pansi pa zibuma zazikulu koma imadumpha tating'ono. Chingwe chikulungidwe molimba pa ndodo, nsapato zikhale zopanda chitsulo kumphuno, ndipo madzulo muzivula chophimba cha mbale n'kukhutula mchenga wakuda wolowa m'menemo, umene umaliza makina pachabe.

Mukamva liwu, lidutseni kuchokera mbali ina, mopingasa. Chitsulo chenicheni chimayankha mbali zonse pamalo amodzimodzi, pamene liwu la nthaka limakhala lotambalala ndi losakhazikika. Palani dothi la pamwamba masentimita angapo, muyesenso: liwu likakula, kumbani, likazilala kapena kusowa, inali nthaka. Ilipo miyala ina, imene ofuna golide amaitcha hot rocks, yokhala ndi chitsulo choposa cha nthaka yoizungulira, ndipo imanyenga makamaka makina a VLF; ikankheni ndi phazi, ndipo liwu likasamuka nayo, iyeseni ndi maginito, muiyang'anitsitse musanaitaye, chifukwa nsangalabwi yoyera yolira ingakhale ndi golide m'kati. Dothi lofukulidwa muzitapa ndi chikho chapulasitiki n'kumalidutsitsa pamwamba pa mbale, dzanja lili lopanda mphete kapena wotchi, mukuligawa pakati kufikira chotsalacho chioneke. Golide wopezeka motere safuna mekyule, amene amawononga ubongo wa munthu ndi nsomba za mumtsinje, ndipo umenewu ndi ubwino wa makinawa umene sitingauchepse.

Dzenje lililonse mulikwirire musanasunthe, chifukwa maenje osiyidwa amathyola miyendo ya ng'ombe, ndipo nyengo ya dzinja amadzaza madzi momwe ana angamiremo. Kumanda musayandikeko, m'munda wa mwini musalowe iye asanavomere, ndipo kwa mfumu ya deralo mukaonekere ndi ulemu woyenera. M'Malawi miyala ya mtengo wapatali ili m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo lamulo la migodi la 2023 limafuna kuti wofufuza ndi wokumba akhale ndi chiphaso. M'nkhalango zotetezedwa ndi m'malo osungira nyama simuloledwa kukumba mwa inu nokha. Kuyambira m'chaka cha 2021, Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera mu Export Development Fund, kotero musanapereke chimene mwapeza kwa wogula wa m'mbali mwa msewu, kafunseni ku ofesi ya zamigodi kapena kwa bwanamkubwa wa boma lanu za chiphaso ndi za malo ogulitsira ovomerezeka.