Nyenyezi Imene Idya Inzace

Iwo amene anapitako ku cipatala cacikuru ca UTH mu Lusaka adziwa X-ray, kuwala kuja kosaoneka ndi maso, kumene kupyola mnofu ndi kuonetsa mafupa. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti kumwamba ziriko nyenyezi zoturutsa kuwala komweko.

M'mwezi wa May, dzuwa litalowa, penyani kumwera, ndipo mudzaona nyenyezi zinai zokhala ngati mtanda. Abale athu a ku Kabwata ndi ku Woodlands aziona movutikira cifukwa ca nyali za magetsi; inu a kumidzi muziona bwino. Pafupi ndi mtandawo, ca kumadzulo kwace, Mlengi anaikapo nyenyezi ziwiri zozungulirana, zochedwa Centaurus X-3. Ziri kutali ndithu, maso sangathe kuzipeza.

Imodzi ndi yaikuru, yolemera ngati madzuwa 20. Inzace ndi kotsalira ka nyenyezi imene inaphulika kalekale. Kukula kwace ndi makilomita ngati 20, osafika ndi mtunda wocokera ku Cairo Road kunka ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Koma taonani, kanthu kotere kalemera koposa dzuwa lathu!

Tsono kakang'onoka kakoka mpweya wotentha wa inzace yaikuru ija. Mpweyawo sugwa molunjika ai, koma uyamba wazungulira monga acita madzi pa dziwe la mtsinje wodzala, kufikira mphamvu ya maginito iugwira ndi kuugwetsera pa nsonga ziwiri za kanyenyeziko. Pamenepo utentha koopsa, nuturutsa X-ray. Ndipo popeza kanyenyeziko kazungulira pa masekondi 4.8 ali onse, kuwalako kutifika mophethiraphethira, ngati munthu ali kutembenuza nyali mumdima.

Kuphethira kumeneku kunadziwika mu 1971 ndi makina ochedwa Uhuru, amene anaponyedwa kumwamba kucokera ku gombe la Kenya pa 12 December 1970. Pambuyo pace akatswiri anaonanso kuti pakapita masiku awiri ndi maora awiri, kuwalako kuzima pafupifupi theka la tsiku, ndi kuyakanso. Apo mpamene anazindikira kuti nyenyezizo ndi ziwiri, ndi kuti yaing'ono ibisika kuseri kwa yaikuru.

Wina asaope kuti X-ray ameneyu angamuoche ali kumunda. Mpweya wokuta dziko lathu umtsekereza yense asanafike pansi, ndipo ndico cifukwa cace anayenera kukweza Uhuru pamwamba pa mpweyawo kuti akamuone.