Halloween ya Ana ku Britain: Phwando Losaboola M'thumba, Losasiya Mwana Waulumali Pambali

Okutobala ndi mwezi wolemera kwa Mmalawi wokhala ku Britain. Chisanu chayamba, bilu ya gasi ndi magetsi ikukwera, Khirisimasi yayandikira, ndipo kumudzi akuimba foni kuti mvula yatsala pang'ono, ya feteleza ndi mbewu itumizidwe. Mkati mwa zonsezi mwana akubwera kuchokera kusukulu ndi nkhani imodzi yokha: pa 31 avala chiyani, ndipo anzake abwera nthawi yanji. M'nyumba ya mwana waulumali funsoli limalemera kwambiri, chifukwa maphwando ambiri amakonzedwa osamuganizira, ndipo kulikonse komwe angapite pamafunika wamkulu womuperekeza, tikiti yachiwiri. Malangizo awa ndi a makolo otere, ngakhale ena onse angatolepo kanthu.

Yambani ndi kugwirizana m'nyumba

Musanagule kalikonse, khalani pansi akuluakulu mumvane ngati mwambowu ukulowa m'nyumba mwanu, ndipo ukulowa bwanji. Halloween inachokera ku Ireland ndi ku Scotland, komwe anthu akale ankachita chikondwerero cha Samhain kumapeto kwa zokolola, ndipo tsikuli limagwa usiku woti mawa lake, pa 1 Novembala, mpingo ukukumbukira oyera mtima onse. Kwa anansi athu ambiri lero ndi nkhani ya maswiti ndi zovala basi. Kwa ife mfiti, kadzidzi ndi mizukwa si zoseweretsa, ndipo kholo lomwe mtima wake ukukana lisadzione ngati lotsalira. Mipingo yambiri ku Britain imakonza usiku womwewo phwando la ana lotchedwa Light Party, la masewera, nyimbo ndi chakudya, kawirikawiri laulere. Mukhozanso kuchita lanu la maungu, nyama zam'tchire ndi nthano, lopanda chigaza ngakhale chimodzi. Chomwe ndikupempha ndi chakuti mwana auzidwe msanga ndiponso chifukwa chake, asamve kwa anzake Lolemba kuti yekha ndiye analibe chochita. Ndipo zovala zotengera Gule Wamkulu zisayerekezedwe n'komwe. Umenewo ndi mwambo wa eni, si chovala cha usiku umodzi.

Ikani malire a ndalama

Tchulani chiwerengero, £25 kapena £30, muyike m'envulopu. Zikatha, zatha. Kugula ndi khadi pang'onopang'ono ku Poundland, B&M ndi Home Bargains ndiko kumapha, pakuti chilichonse chimaoneka chotchipa pachokha. Itanani ana ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, kwa maola awiri okha, cha m'ma 3 koloko masana, nthawi yoti adya kale kwawo. Kenako imbirani makolo anzanu musonkherane: uyu mandasi, uyo zakumwa, winayo zopakira kumaso. Ena amachita manyazi kupempha, poopa kuoneka osauka pamaso pa azungu, koma kubwera ndi mbale kuphwando ndi chizolowezi chawonso.

Mapepala a mwana waulumali

Apa ndi pomwe pali ndalama zenizeni, ndipo mabanja athu ambiri amaziphonya chifukwa palibe anawauza. Halloween imagwa pafupi ndi tchuthi chapakati pa teremu, pomwe mafamu a maungu, malo osungirako nyama, nyumba zakale ndi malo oonetsera mafilimu amakonza zochitika za ana. Malo ambiri amalola womuperekeza mwana waulumali kulowa ulere, koma sakuuzani mukapanda kufunsa, ndipo amafuna umboni.

Umboni wodziwika kwambiri ndi kalata ya Disability Living Allowance, thandizo la boma kwa ana osakwana zaka 16. Ku Scotland thandizo lomwelo limatchedwa Child Disability Payment. Silitengera malipiro a makolo, ndipo chomwe amayang'ana ndi chisamaliro chomwe mwanayo amafuna kuposa anzake amsinkhu wake. Ndi kalata imeneyi mungafunsire CEA Card, yomwe imapatsa womuperekeza tikiti yaulere m'malo ambiri oonetsera mafilimu. Pali Disabled Persons Railcard: mwana akakhala nayo, wamkulu woyenda naye amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima. Pali Blue Badge yoimikira galimoto pafupi ndi khomo, yomwe ku England siposa £10, ku Scotland siposa £20, ndipo ku Wales ndi yaulere. Makhonsolo ena amaperekanso Max Card yotsitsa mitengo m'malo osangalalira, ndipo bungwe la Family Fund limathandiza mabanja opeza zochepa omwe akulera ana aulumali.

Koma pali chenjezo lomwe nyuzipepala za kuno sizitchula, pomwe ife likutikhudza kwambiri. Ambiri tinabwera pa viza ya ntchito yosamalira odwala kapena ya sukulu, yomwe imaletsa kulandira thandizo la boma. Pa viza zotere pamalembedwa kuti No recourse to public funds, ndipo Disability Living Allowance ndi Carer's Allowance zili m'gulu la zoletsedwazo. Kudzaza fomu mosafufuza kukhoza kudzasokoneza viza yanu mtsogolo. Safunsa anadya phula. Pitani ku Citizens Advice kapena imbirani bungwe la Contact, lomwe limalangiza mabanja a ana aulumali, mufotokoze za viza yanu ndi ya mwanayo, chifukwa nthawi zina mapepala a mwana amasiyana ndi a makolo ake, ndipo yankho limasintha.

Ngakhale khomo limenelo litatsekeka, ena ali otsegula. Access Card ya kampani ya Nimbus Disability si thandizo la boma. Imalandira kalata ya dokotala ngati umboni, ndipo imakhala ndi zizindikiro zosonyeza zomwe mwana amafunikira, monga +1 yotanthauza kuti sangayende popanda womuthandiza. Bungwe la National Trust lili ndi Essential Companion Card yolola womuperekeza kulowa ulere m'minda ndi m'nyumba zake zakale. Kachingwe kovala m'khosi ka maluwa a mpendadzuwa, komwe kanayambira pabwalo la ndege la Gatwick mu 2016, sikatsitsa mtengo, koma kamauza ogwira ntchito kuti mwanayu ali ndi ulumali wosaoneka ndi maso, amulezere mtima pamzere. Ku England khonsolo iliyonse imalamulidwa kufalitsa mndandanda wotchedwa Local Offer, wa zonse zomwe zilipo m'dera kwa ana otere, ndipo m'menemo mumapezeka maphwando aulere okonzedwa mwabata.

Makadiwa satuluka tsiku limodzi, choncho funsirani Seputembala asanathe. Jambulani makalata onse pafoni. Musanalipire tikiti pa intaneti, imbani foni mufunse zinthu zitatu: ngati womuperekeza amalipira, umboni womwe akufuna, ndi ngati njira zawo n'zoyendeka ndi njinga ya olumala. Mafamu a maungu mu Okutobala amakhala matope okhaokha. Ndipo musafunse mogonja ngati mukupempha chifundo. Lamulo la Equality Act la 2010 limafuna kuti malo otumikira anthu asinthe zomwe angathe kuti waulumali alowe ngati wina aliyense.

Chovala

Chovala chatsopano cham'sitolo chimavalidwa maola atatu, chaka chamawa chathina. Yambani ndi zomwe zili m'nyumba. Malaya ndi buluku zakuda, makutu a katoni ndi mchira wa sokosi yakale, mphaka wakwana. Ambulera yothyoka mukaidula imasanduka mapiko a mleme. Chitenje chimatulutsa mfumu, mfumukazi kapena ngwazi ya m'mafilimu. Zikakanika, pitani m'masitolo a kaunjika a mabungwe monga Oxfam, Barnardo's ndi British Heart Foundation kumayambiriro kwa mwezi, zabwino zisanathe, kapena yang'anani pa Vinted ndi Facebook Marketplace. Ndi bwinonso kusinthana ndi makolo a pasukulu.

Kwa mwana wa autism, kapena aliyense yemwe nsalu zina zimamuyabwa, musamukakamize nayiloni yolira, chigoba cha kumaso kapena penti. Asankhe zovala zake zomwe anazolowera, muwonjezere chinthu chimodzi, chipewa kapena nsalu yam'mapewa, ndipo aziyeserera masiku angapo tsikulo lisanafike. Akakana chovala pa tsikulo, phwando lipitirire. Mwana woyenda pa njinga ya olumala ndiye ali ndi mwayi woposa onse: katoni yaikulu yopemphedwa ku supamaketi, penti pang'ono, njingayo yasanduka galimoto yozimitsa moto kapena minibasi. Onetsetsani kuti katoniyo sikukhudza mateyala ndi mabuleki.

Pa chovala chogula yang'anani chizindikiro cha CE kapena UKCA. Nsalu zambiri za zovala zimenezi zimagwira moto msanga, ndiye kandulo yeniyeni isayake paliponse pomwe pali ana. Gulani timakandulo ta batire, koma sankhani tomwe chitseko cha batire chimamangidwa ndi sikuluu, chifukwa timabatire tozungulira tija, mwana akameza, timawotcha kummero m'maola ochepa.

Nyumba, dzungu ndi chakudya

Zokongoletsa apange ana okha, ndiye masewera oyamba amenewo. Mapepala akuda adule mileme, masamba ouma atole kupaki, mabotolo a jamu awakute ndi pepala lofiirira. Magetsi othwanima asakhalepo ngati pali mwana wa khunyu.

Dzungu limodzi ndi lokwanira, ndipo ku Aldi, Lidl kapena Asda silidula monga kufamu, komwe mumalipira polowera n'kulipiranso dzungulo. Mpeni ndi wa wamkulu. Ana ang'ono ndi omwe manja awo amanjenjemera ajambule nkhope ndi cholembera kapena amate mapepala. Zimandiwawa kuona maungu ali mbwee m'mabini pa 1 Novembala, m'dziko lomwe mabanja ena akudalira chakudya chopatsidwa. Ife tinakulira maungu, tisatengere zimenezo. Njere tsukani, thirani mchere, mukazinge. Mnofu womwe mwakokota mkati phikani supu tsiku lomwelo. Maungu osemawa amakhala amadzimadzi, sakoma ngati akwathu, koma ndi anyezi, adyo ndi mbatata imodzi amadyeka bwino. Lomwe lasemedwa n'kugona panja lisadyedwe, pomwe longojambulidwa pakhungu lingaphikidwe sabata yotsatira.

Patebulo pakhale mbuliwuli zophulitsa nokha mumphika, mandasi ang'onoang'ono, nthochi zodula pakati zoikidwa maso a chokoleti, manachesi osenda okhala ndi kamtengo ka selari pamwamba kuti aoneke ngati timaungu, ndi sikwashi wosungunula m'jagi. Futali wa maungu ndi wokoma, koma nsinjiro zisayandikire phwandoli musanafunse. Ana ena kuno mtedza umawawenga koopsa, moti sukulu zambiri zimauletsa. Funsani kholo lililonse polemba uthenga woitanira: chilipo chomwe mwana wanu sadya? Mphesa zidulidwe mlitali pazigawo zinayi, ndipo maswiti olimba ndi mbuliwuli asapatsidwe ana osakwana zaka zisanu kapena ovutika kumeza. Kwa mwana wodyera m'chubu kapena wa shuga, ikani m'mbale ina zomata, mapensulo ndi timabotolo ta thovu, kuti nayenso atuluke ndi thumba lake.

Ngati kupita kusitolo ndi mwana kumavuta chifukwa cha phokoso, Morrisons inayamba mu 2018 ola labata Loweruka m'mawa kuyambira 9 mpaka 10, pomwe amazimitsa nyimbo ndi kuchepetsa magetsi. Masitolo enanso ali ndi maola otere.

Tsiku lenileni

Konzani masewera poyang'ana mwana yemwe angavutike kwambiri. Omwe iye angawathe, enawo awathanso. Kusaka timaungu ta pepala tobisidwa m'chipinda kumakoma, bola tina tibisidwe pamsinkhu wa munthu wokhala pansi. Kukulungana pepala la kuchimbudzi kumaseketsa aliyense, ndipo wosafuna kukhudzidwa akhale woweruza. Masewera akale a kuno oluma maapozi oyandama m'beseni asinthidwe, ana azivuula ndi chipande, poti si onse angaviike nkhope m'madzi. Masewera a mpikisano wothamanga achepe.

Patulani chipinda chimodzi chabata, chokhala ndi bulangete ndi mabuku, ndipo onetsani ana onse pofika kuti aliyense wotopa akhoza kupitako. Mukatero sichioneka ngati chilango cha mmodzi. Mwana wanu muuzeni dongosolo lonse m'mawa, ndi zithunzi ngati ndizo amamva bwino: choyamba ichi, kenako ichi, anzako apita nthawi yakuti.

Kumapeto zimitsani getsi lalikulu, khalani pansi mozungulira, mmodzi wa akulu ayambe nthano ya Kalulu ndi Fisi. Aphunzitseni ana a anansi kuvomera kuti "Tili tonse." Sizilira ndalama, ndipo ana athu obadwira kuno amamva Chichewa chikuyankhulidwa pamaso pa anzawo mopanda manyazi.

Ngati mutuluka kukagogoda m'makomo kupempha maswiti, kumbukirani kuti mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, moti pofika 5 koloko kunja kwada. Tengani tochi ndipo ana avale chowala. Gogodani pokhapokha pomwe pali dzungu kapena zokongoletsa pakhomo. Pomwe pali mdima eni ake sakufuna, mwina ndi okalamba kapena odwala. Nyumba zisanu za anthu owadziwa, omwe munawauziratu, ndi zabwino kuposa msewu wonse. Auzeni ngati masitepe awo ndi ovuta kuti adzatulukire kugeti. Mwana wosayankhula mulembereni kakhadi ka mawu akuti trick or treat ndi zikomo, azingoonetsa. Zotseka m'makutu zikhale m'chikwama, chifukwa makombola a chikondwerero cha pa 5 Novembala ena amayamba kuwaphulitsa sabata imeneyi.

Mawa lake masitolo amagwetsa mitengo ya zonse za Halloween kuti apeze malo a katundu wa Khirisimasi. Ngati m'envulopu mwatsala kanthu, gulani chovala cha chaka chamawa chokulirapo saizi imodzi kapena ziwiri, muchiike m'katoni limodzi ndi zokongoletsa. Pa katoniyo lembani masiku omwe makadi a mwana adzathere ntchito, ndipo muwalembenso pafoni.