Kachipangizo Koimiritsa Udzu pa Chifanizo cha Njanji

Anthu amene amamanga zifanizo za njanji ku Britain, Germany ndi America amagula tisitima tawo m'sitolo, koma dziko limene tisitimato tikudutsamo amachita kuliumba okha. Phiri ndi mlatho sizivuta kwenikweni. Chimene chakhala chikuwazunguza mutu ndi udzu. Kwa zaka zambiri ankawaza utuchi wonyika mu utoto wobiriwira pamwamba pa guluu, koma utuchi umagona pansi pamene udzu weniweni umaimirira, choncho munthu ankadziwira patali kuti akuona choseweretsa. Vutoli linatha ndi kachipangizo kotchedwa static grass applicator.

Mmene kamagwirira ntchito

Kachipangizoka kali ndi chogwirira, kachitini kothiramo timaulusi ta nayiloni todulidwa tifupitifupi, sefa kukamwa kwa kachitiniko, ndi waya wokhala ndi kopanira kunsonga. Tambiri timayendera batire la mavolti 9, koma m'kati muli zida zimene zimakweza mphamvuyo kufika mavolti masauzande angapo. Amene anapakapo bolopeni m'tsitsi n'kutola nayo tizidutswa ta pepala akuidziwa kale mphamvu imeneyi. Timaulusi tikaitenga timathamangira pa guluu wosauma molunjika, nsonga imodzi n'kumira m'guluumo, inayo n'kuloza kumwamba.

Kampani ya Noch ya ku Wangen, m'dziko la Germany, imapanga kotchedwa Gras-Master. Woodland Scenics ya ku America ili ndi Static King, ndipo Peco ya ku Devon nayo ili ndi kake.

Kusankha utali wa ulusi

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ulusi umagulitsidwa wa mamilimita 2, 4, 6 ndi 12, ndipo musanagule yambani mwawerengera. Pa sikelo ya HO chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndiye kuti ulusi wa mamilimita 2 ukuimira udzu wa masentimita 17, pamene wa mamilimita 6 ukuimira udzu wopitirira pang'ono theka la mita. Pa sikelo ya OO, imene imakondedwa ku Britain, mamilimita 4 amaimira phazi limodzi. Mukathira ulusi wa mamilimita 12 pabwalo la siteshoni, tianthu tanu timira mpaka m'chiuno. Ulusi wotere ngwa kudambo ndi m'mphepete mwa mtsinje.

Kadzalidwe

Yambani mwapaka malo onse penti wa mtundu wa dothi, aume kaye. Mukalumpha ntchito imeneyi, pulasitala woyera azioneka m'mipata ya udzu. Chotsani tisitima tonse patebulo, makamaka toyendetsedwa ndi njira ya digito yotchedwa DCC, chifukwa magetsi a kachipangizoka akhoza kuwononga tizida tosalimba timene tili m'kati mwake. Njanji zimateni ndi tepi.

Pakani guluu woyera wa akalipentala, wotchedwa PVA, pamalo osaposa zikhatho zanu ziwiri. Khomani kamsomali m'guluumo n'kupanirapo waya uja. Guluu akauma magetsi sadutsamo, n'chifukwa chake simuyenera kupaka malo aakulu nthawi imodzi. Yatsani kachipangizo, kazolikeni masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa guluu, n'kumakagwedeza pang'onopang'ono. Mukakakweza kwambiri ulusi ungogwa chogona. Ulusi wachinyontho nawo sumvera, choncho usungeni m'botolo lotseka bwino, makamaka nthawi ya dzinja.

Guluu akauma, kokani ulusi wosamata ndi makina okokera fumbi mutaveka sokosi yopyapyala kukamwa kwa paipi. Umene watsalira m'sokosimo mudzaugwiritsanso ntchito.

Kachipangizoka kali ndi chilema chimodzi: kamachita ntchito yake mwaukhondo mopitirira muyeso. Mukathira ulusi wa mtundu umodzi ndi utali umodzi, mupeza kapinga wa bwalo la mpira kuyambira kusiteshoni mpaka pamwamba pa phiri. Pitani mukayang'ane udzu wa m'mbali mwa njanji yeniyeni. Pena ndi wobiriwira, pena wachikasu, pena mbuzi zadya, pena anthu aponda mpaka kwatsala dothi lokha. Choncho guluu muzimudontheza mwa apo ndi apo, osati kumuyala ponseponse. Yambani ndi ulusi wa mamilimita 2 wosakaniza wobiriwira ndi wofiirira. Guluu akauma, donthezani wina pamwamba pa malo ochepa n'kuthira wa mamilimita 4 kapena 6 wa mtundu wa udzu wouma. Wobiriwira wowala wa m'paketi, kunena zoona, sukoma pokhapokha mutauzimitsa ndi wina. Ku Pendon Museum ku Oxfordshire, kumene anamanga chifanizo cha midzi ya Vale of White Horse monga inkaonekera m'zaka za m'ma 1930, chimene chimagwira mtima alendo ndi mitundu yozizira yotereyi. Amene akufanizira njanji ya ku Balaka mwezi wa Okutobala afunika ulusi wachikasu ndi wotuwa, dothi lambiri loonekera, ndi zigamba zakuda za lupsa. Tsekera wautali mamita 2 sangatheke ndi kachipangizoka. Ameneyo dzalani ndi manja pogwiritsa ntchito ubweya wa bulashi yopentera kapena chingwe cha khonje chomasula.

Chenjezo

Magetsi ake saopsa munthu wathanzi, koma amanjenjemeretsa mkono. Mukazimitsa, gunditsani kopanira kaja pa sefa kuti mphamvu yotsala ituluke, ndipo pokhapo mungatsegule kachitini. Munthu amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda asakagwire. Musakayatse pafupi ndi sipiriti, petulo kapena penti wopopera, poti kamathetheka.

Ena amadzipangira kawo pochotsa ukonde wa chophera udzudzu cha magetsi n'kulumikizapo sefa yachitsulo ya tiyi. Kotereka kamaimiritsa ndithu ulusi wa mamilimita 2 mpaka 4, koma wautali kamaulephera. Musanatsegule chopheracho chotsani mabatire n'kutulutsa mphamvu yotsala, ndipo mawaya onse oonekera muwakulunge ndi tepi ya magetsi.